Thoko, Sitima Yako Ikuima Ngati Minibasi

Chintheche,
Lachinayi masana.

Thoko mwana wanga,

Amayi ako ali kuchipatala kuntchito, iwe wapita ku Bandawe kukatsanzikana ndi anzako a kwaya, pakhomo pano ndatsala ine ndi nkhuku. Ndang'amba masamba apakati m'kope la amayi ako lolembamo nyimbo, akafunsa ndidzati ndi iwe unandichititsa. Ndikulemba chifukwa kulankhula nawe kwandikanika. Ndikangotsegula pakamwa umandiyankha ndisanamalize, Chingerezi pamwamba, amayi ako n'kulowererapo kuti, "Abambo a Thoko, musiyeni mwana, anaphunzira." Pepala lokha ndi limene silidula munthu mawu. Kalatayi ndiyiika pansi pa jumbo ya usipa m'chikwama chako. Ulendo wa ku Joni ndi masiku awiri m'basi, ndiye usadzandiuze kuti unasowa nthawi yowerenga.

Ndikudziwa kuti wandikwiyira kuyambira Lamlungu. Titaweruka kutchalitchi unaika laputopu yako patebulo, n'kutsegula pulogalamu imene wapanga yoyeserera kuyendetsa sitima, n'kuitana amayi ako ndi a Longwe a nyumba yoyandikana nafe, n'kundikokera mpando. Unati, "Adadi, inu ndi dalaivala wa sitima, yendetsani tione." Ndinayendetsa. Nditamaliza ndinadzuka osanena kanthu, n'kupita kumunda wa chinangwa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinakumva madzulo ake ukuuza amayi ako kuti ndine nkhalamba yansanje, sindifuna kuyamikira. Ayi, mwanawe, si nsanje. Werenga mpaka kumapeto, usadumphe mizere monga umachitira ndikakutuma kumsika ndi kapepala.

Choyamba ndikuyamikire, usati sindinatero. Chinthu chimene wapangacho n'chokongola. Udzu wa m'mbali mwa njanji umagwedezeka, hutala imalira ngati yeniyeni, mpaka a Longwe, amene moyo wawo wonse sanakwerepo china choposa bwato ndi lole, anavula chipewa n'kumangoti, "Yewu, yewu!" Ndipo ndamva zimene kampani ya ku Joniyo ikufuna: itenge pulogalamu yakoyo, iyiike m'kachipinda kooneka ngati mutu wa sitima, kuti anyamata ndi atsikana aziphunziriramo kuyendetsa sitima za katundu asanagwire yeniyeni. Apo ndi pamene pandisowetsa mtendere. Chikanakhala choseweretsa cha ana, bwenzi ndaomba m'manja n'kupita kukagona. Koma anthu adzatuluka m'kachipindako akukhulupirira kuti adziwa, ndipo adzapatsidwa mabogi odzaza simenti.

Sitima yako, Thoko, ikuima ngati minibasi. Ikuima mmene amaimira madalaivala a pa Chintheche pano kondakitala akaona mayi wanyamula beseni la nsomba m'mbali mwa msewu: phazi pansi, tswii, yaima. Sindikukuimba mlandu kwambiri. Tinabwera kuno uli ndi zaka zitatu, wakulira kumalo kopanda njanji, Chitonga umachilankhula kundiposa, ndipo sitima ya pamtunda unakaiona koyamba uli kale ku koleji. Koma ndikakuuza kuti siima choncho, n'chifukwa chiyani umandiyankha kuti, "Masamu sanama, adadi"? Inde sanama. Amangoyankha zimene wawafunsa, ndipo iwe zina sunawafunse.

Ndili mnyamata wophunzira ntchito ku Balaka, anandipereka kwa dalaivala wina wachikulire, a Chikopa, munthu wosaseka. Tsiku loyamba kundilola kuimitsa sitima pa siteshoni, ndinadikira mpaka nditaona nkhope ya mkulu wa siteshoni, ndipo ndi pamene ndinakoka chogwirira cha buleki. Palibe chinachitika. Tinadutsa mkulu uja ali ndi mbendera yake m'manja, tinadutsa thanki ya madzi, tinadutsa amayi ogulitsa nzimbe, tinakaima kutsogolo kwenikweni kumene kulibe ngakhale galu. A Chikopa sanandikalipire. Ananditsitsa, n'kundiuza kuti ndiyende wapansi mpaka ku bogi yomalizira, ndikagwade, ndikaike khutu pafupi ndi paipi. Anati, "Ukamva hutala, ndiye kuti ndakoka buleki. Uyambe kuwerenga." Hutala inalira. Ndinawerenga, ndinawerenga, mpaka kuganiza kuti mdalayo akundipusitsa, kenako ndinamva kuti fyuu, zitsulo n'kugwira mateyala. Ndinabwerera kutsogolo thukuta lili kamukamu, iwo n'kufunsa kuti, "Wafika pa chiyani?" Nditawauza anati, "Nthawi yonseyo mchira wa sitima yako unali usanamve kuti mutu ukufuna kuima."

Umve bwino apa. Paipi ya mpweya imayambira kumutu mpaka ku bogi yomalizira. Dalaivala akakoka buleki amatulutsako mpweya m'paipimo, ndipo bogi iliyonse imagwira mateyala ake ikamva kuti mpweya watsika. Yoyamba imamva msanga, yachiwiri pambuyo pake, mpaka kumchira. Uthenga wake umayenda ngati wa maliro kale mafoni asanabwere, mudzi ndi mudzi. M'pulogalamu yako mabogi onse makumi awiri ndi anayi akugwira nthawi imodzi ngati ana a sukulu aphunzitsi akalowa. Ndinakuuza zimenezi Lolemba, iwe n'kuti, "Ndi timasekondi tochepa chabe, adadi." Timasekondi! Ukafunse munthu amene galimoto yake yazima pakati pa njanji kuti timasekondi n'chiyani. Mpweya umafuna nthawi, Thoko. Ulembe zimenezi penapake pamene uzidzaziona tsiku ndi tsiku.

Ulendo wina, nditayamba kuyendetsa ndekha, ndinapita ndi mabogi opanda kanthu m'mawa n'kubwerera nawo tsiku lotsatira atadzaza feteleza. Panali mtengo wa mango umene ndinkayambira kugwira buleki ndikamayandikira siteshoni ina yaing'ono. Popita ndinagwirira pamtengopo, sitima inaima pamalo pake ngati yoweta. Pobwerera ndinagwirira pamtunda wofanana, ndikuimba nyimbo ya m'kwaya, mtima uli m'malo. Aa, inangondinyamula. Feteleza uja anandikankha kumbuyo mpaka ndinakagunda mbuzi zitatu za mwini wake zimene zinagona panjanji kupitirira siteshoni, ndipo mwiniyo ananditukwana m'Chiyao mpaka makolo anga amene sanawaonepo. Iwe m'pulogalamu yako muli kabokosi kamodzi kolembamo kulemera kwa sitima yonse. Kamodzi! Nanga akakupatsa opanda kanthu kutsogolo, odzaza kumbuyo? Akutsogolo amagwira msanga, akumbuyo amabwera ndi mphamvu zawo zonse n'kudzamenya anzawo, gu gu gu, mpaka dalaivala kukhomeka pagalasi. Pakati pa bogi ndi bogi pali mpata, zolumikizira zimakokana ndi kukankhana. Sitima yako imayenda ngati thabwa limodzi lalitali.

Nanga za abongololo ndinene? Useka, koma seka. Mvula yoyamba ikagwa, abongololo amakwera panjanji miyandamiyanda, mateyala akawaponda njanji imaterera ngati therere. Mutu wa sitima uli ndi bokosi la mchenga lothira kutsogolo kwa mateyala kuti agwire. M'mawa wina ndinachita ulesi, sindinasuzumire m'bokosimo, ndinangokhulupirira kuti amene anaisiya anadzaza. Munali mchenga wonyowa woumbika, sunkatuluka. Ndinagwira buleki, mateyala anaima koma sitima ikupitabe, ikutsetsereka, ndipo mateyalawo ataphwa mbali imodzi tinayenda ulendo wonse ikulira kuti do, do, do, aliyense m'midzi akudziwa kuti mukudutsa chitsiru. Pa njanji yako mvula imagwa, inde, ndinaona madontho pagalasi, okongola zedi. Koma sitima imaima chimodzimodzi ngati kuli dzuwa la Okutobala. Ndiye mvulayo unaiikiramo chiyani, kuti tizisirira?

Za amuna, za kupemphera, za kusayenda ndi anthu osadziwika, amayi ako akulangiza kale kokwanira ndipo adzapitiriza mawa mpaka basi itanyamuka. Ine changa n'chimodzi. Kumene ukupitako ukapeza madalaivala akale, ena osadziwa n'kugwira komwe kompyuta. Uziwakhazika pampando wako ndi kutseka pakamwa. Sitima za kumeneko mwina mabuleki ake ndi osiyana ndi amene ndinkagwira ine, ndiye ukafunse, safunsa anadya phula. Usamangomvera zimene akunena, chifukwa anthu akuluakulu amayamikira mwana wa eni mwaulemu. Uziyang'ana manja awo ndi nkhope zawo. Ndipo wina akadzadzuka pampandopo mwakachetechete n'kutuluka panja, usadzamutche wansanje, udzamutsatire ukamufunse chimene waona.

Tsopano ndifike pa chimene ndang'ambira kope la amayi ako. 

Ukuwadziwa a Alufeyo a ku Balaka, amene umawatcha amalume ngakhale si achibale athu, oyendera ndodo ziwiri aja. Chaka chilichonse timawatumizira usipa ndi ufa wa kondowole, ndipo kangapo unafunsa kuti mwendo wawo unapita kuti. Tinkakuyankha kuti inali ngozi ya kuntchito. Unafunsanso kuti ine ndinasiyiranji ntchito ndili ndi mphamvu, n'kudzakhala kuno kumadikira amayi ako kuti aweruke kuchipatala, tinati maso anayamba kuvuta. A Alufeyo anali wothandizira wanga mumutu wa sitima zaka zinayi. Tinkadya m'mbale imodzi. Pa ubatizo wako ndi iwo amene anakunyamula potuluka m'tchalitchi.

Pali chinthu china chimene pulogalamu yako ilibiretu, ndipo ndi chachikulu kuposa zonse ndatchulazi. Pansi pa bogi iliyonse pali kathanki ka mpweya. Mpweya wa m'kathankimo ndi umene umakankha zitsulo kuti zigwire mateyala. Ukagwira buleki, kathankiko kamachepa. Ukamasula, paipi imayamba kukadzazanso, koma pang'onopang'ono, ndipo akumchira amadzaza pomalizira. Pa sitima zimene ndinkayendetsa ine sunkatha kumasula pang'ono, ukamasula wamasula zonse. Choipa n'chakuti geji yoonetsa mpweya ya mumutu imakwera msanga, imakuonetsa ngati zonse zadzaza, pamene kumbuyoko timathanki tidakali ndi njala. Ukagwiranso usanadikire, buleki imagwira mofooka. Ukabwerezanso, imafookerafookera. A Chikopa ankandiuza pafupifupi tsiku lililonse kuti, "Pamtsetse buleki sapopa ngati mjigo. Gwira kamodzi, gwira mokwanira, ukhale nayo." Ndinkawayankha kuti ndamva, monga umandiyankhira iwe.

Panali mtsetse wautali umene ife tinkautcha wa pa Mlambe, chifukwa kumunsi kwake njanji imakhota pafupi ndi mlambe waukulu. Tsiku limenelo kunali kotentha, cha m'ma 2 koloko masana, tili ndi mabogi makumi awiri ndi anayi a chimanga. Tinali titachedwa, ndipo ine sindinkafuna kuti anzathu a sitima ina amene ankatidikira pa siteshoni kuti tipatukane nawo azindiseka kuti ndimayenda ngati nkhono. Ndinalowa mumtsetsemo ndi liwiro loposa loyenera. Ndinagwira pang'ono, ndinaona ngati yatsika kwambiri, ndinamasula. Inathamanganso, ndinagwira, ndinamasula. Kachitatu, kachinayi. A Alufeyo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, tiupatse mpata mpweya." Ndinawalozera geji n'kuti, "Simukuona kuti yadzaza?" Kachisanu inagwira ngati dzanja la mwana. Kachisanu ndi chimodzi ndinakoka, sipanamveke kanthu. Ndinakankhira chogwirira mpaka kumapeto, kumene timakankhira pa ngozi pokha, sitima inangogwedezeka pang'ono n'kumapitabe. Buleki ya mutu wokha singagwire chimanga chonse chija. Mlambe uja unali ukukula pagalasi.

Ndi ine ndinawauza kuti adumphe. Ndinakuwa kuti, "Alufeyo, dumphani, muli ndi ana!" Anakana, ndinawakankha paphewa. Anadumpha, anagwera pamiyala ya m'mbali n'kugubudukira kunjanji, bogi yachiwiri inawapeza mwendo wakumanzere. Ine ndinatsala, ndinagwira chitsulo n'kutseka maso. Mutu unakhota bwinobwino pa mlambe paja. Mabogi asanu ndi awiri akumbuyo ndi amene anagwa, chimanga mbwee m'munda mwa eni. Ndinatsika ndilibe ngakhale kabala. Ndinathamanga kubwerera kumtunda, ndinawapeza ali maso, n'kuwamanga ntchafu ndi lamba wanga. Chimene anandifunsa n'chakuti, "Mwapulumuka, achimwene?"

Akuluakulu atandiitana kuti ndifotokoze, ndinati mabuleki anangokana okha. Ndinanena katatu, ndinasaina. Anapita kuchipatala kukafunsa a Alufeyo, iwo anati sakukumbuka kanthu. Amakumbuka, Thoko. Mpaka lero sitinakambiranepo, koma ndikapita ku Balaka amandiyang'ana, n'kundipatsa mpando wabwino, n'kufunsa za iwe. Sanandichotse ntchito. Ndinayendetsanso miyezi itatu, koma ndikangofika pamwamba pa mtsetse uliwonse malaya ankanyowa, dzanja osamvera. Amayi ako atawasamutsira kuno ndinati maso akundivuta, ndinawatsatira, ndipo ndinasangalala kumva kuti kuno kulibe njanji. Amayi akowo sakudziwa zimenezi. Ndi nesi, ndikhulupirira anaona kalekale kuti ndimalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi, koma sanafunsepo. Ndiwauza mawa tikamachokera kokakukweza basi, ndipo chimene adzandichite ndi changa.

Ndiye tibwerere ku Lamlungu lija. Ndinakhala pampando, a Longwe ali kumbuyo kwanga, iwe waima pambali ukumwetulira. Unandisankhira wekha ulendo umene unati ndi wovuta koposa: sitima yodzaza, mtsetse wautali, kumunsi kokhota. Ndinati ndione chimene mwana wanga wapanga. Ndinachita dala. Ndinalowa ndi liwiro, ndinagwira, ndinamasula. Ndinagwira, ndinamasula. Kasanu ndi kamodzi, ndendende mmene ndinachitira tsiku lija, ndikuwerenga chamumtima. Ulendo uliwonse buleki yako inagwira mwamphamvu ngati poyamba. Sitima inakhota mwaulemu, inakaima pa siteshoni pamzere penipeni. Pagalasi panatuluka zilembo zobiriwira zondiuza kuti ndakhoza bwino kwambiri, ndi kanyimbo. Iwe unaomba m'manja n'kundikumbatira m'khosi, unati, "Mwaona adadi, simunaiwale!"

Chimene chinadula mwendo wa a Alufeyo, makina ako anandipatsa nacho mamalikisi. Ukanakhala iwe, ukanatsala pampandopo?

Ndakwiya, Thoko, sindikubisa. Ndakwiyira iwe chifukwa cha makani ako, ndipo ndikudziwa kumene unawatenga. Ndinali ndi a Chikopa ondiuza tsiku ndi tsiku, koma ndinachitabe. Nanga mwana amene mphunzitsi wake ndi makina omuuza kuti kupopa buleki n'kukhoza, adzatani akadzafika pamtsetse weniweni, geji ikumunamiza, mnzake ali pambali? Sadzadziwa n'komwe kuti walakwa pati. Adzanena zoona zake zenizeni kuti mabuleki anangokana, ndipo bodza limenelo lidzakhala lako.

Ukakafika usathamangire kukongoletsa udzu. Uike kathanki pansi pa bogi iliyonse, kazichepa, kazidzaza mochedwa, akumchira pomalizira. Geji ya mumutu izinama monga imanamira yeniyeni. Uike mtsetse wa pa Mlambe, ndajambula kumbuyo kwa tsamba lomalizali mmene umatsikira ndi pamene umakhotera, ndi malo asanu ndi limodzi amene ndinagwira ndi kumasula. Wophunzira akapopa, sitima imuthawe. Aone mlambe ukubwera, akoke chogwirira pasamveke kanthu, malaya anyowe, mabogi agwe. Kenako adzuke pampando ndi miyendo yake iwiri, akamwe madzi, abwerenso mawa. Mabwana ako akadzati n'zovuta kwambiri, ophunzira azigwa mphwayi, usadzagonje monga umagonjera anthu ovala mataye pamene bambo ako umawatsutsa. Udzawawerengere kalata ino. Ndakuloleza, ndi dzina langa lomwe.

Mpweya umafuna nthawi, mwana wanga. Ndabwereza, ndikudziwa, ndipo ndidzabwerezanso pafoni mpaka utatopa nane.

Pa Khirisimasi ukadzabwera, usadzavutike ndi nsapato kapena jekete. Udzabwere ndi laputopuyo. Tidzakwera basi tonse kupita ku Balaka, ukadzaiika patebulo la a Alufeyo, ine ndidzakhala pampando iwo akuona. Ndidzagwira ndi kumasula kasanu ndi kamodzi, ndipo ndikufuna sitima yako idzandigwetse pamaso pawo, kuti ndidzapeze poyambira kuwauza zimene ndakhala nazo zaka zonsezi. Ikadzaimanso bwinobwino pamzere, chonde usadzandiombere m'manja.

Uyende bwino. Usipawo ukagawireko anzako, usadye wekha.

Ndine bambo ako, amene maso ake amaona bwinobwino,

Wedisoni Kamwendo